Kanjedza Anagona Panja

Metslawier,
21 Malichi

Wokondedwa mwana wanga Marrit,

Landira moni wochokera kwa ine bambo ako. Muli bwanji kumeneko ku New Zealand, iwe ndi akamwini anga a Callum ndi kamdzukulu kanga Isla? Chifuwa chija chinamusiya mwanayo? Pa chithunzi chomwe unatumiza ndinaona kuti mano awiri akutsogolo aguluka, koma kuseka sanasiye.

Kuno amayi ako ali bwino. Chiuno chija chaleka kuwavuta, ndipo ayambanso kupalasa njinga kupita ku kwaya Lachinayi. Ine thupi lilibe chovuta, ndikudya, ndikuyenda.

Kalata iyi uwerenge utakhala pansi, uli wekha. Ndailemba masiku atatu, pang'onopang'ono, m'nyumba yagalasi muno, pa tebulo lofeserapo mbewu. Amayi ako akuganiza kuti ndikulemba mndandanda wa zodzala chaka chino.

Nkhani yake ndi ya kanjedza wamkulu uja. Unamva kuti anapsa ndi chisanu chifukwa hita ya m'nyumba yagalasi inazima. Ndinakunamiza, mwana wanga, ndipo amayi ako ndinawanamizanso. Hita ilibe vuto lililonse. Panopa ikulira pambali pangapa monga yakhala ikulirira zaka zonsezi.

Ukudziwa mmene ndimachitira. Novembala akangoyamba, ine ndi a Douwe a nyumba yoyandikana nafe timakweza migolo pa ngolo n'kuilowetsa muno, wa kanjedzayo ndi ya migwalangwa iwiri ija. Hita ndimaichera pa madigiri asanu, osapitirira, kuti mitengo igone koma isaume. Madzi ndimathira kamodzi pa milungu itatu. Epulo akafika pakati timaitulutsanso. Kanjedza ameneyu ndamuchitira zimenezi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, kuyambira ali njere yomwe amayi ako anatola ku Tenerife n'kuibisa m'sokosi. Ku nazale ndinagwira ntchito zaka makumi anayi ndikuphunzitsa anthu zomwezi, ndipo mtengo wofa ndi chisanu m'manja mwanga sunaonekepo.

Mlungu woyamba wa Febuluwale kunafunda modabwitsa. Dzuwa linawala, mbalame zinayamba kuimba ngati nyengo yozizira yatha. Ndinaona kuti tizilombo tija tokakamira kunsi kwa masamba tachuluka, ndiye ndinati nditulutse mitengo yonse itatu pabwalo lakuseri, ndiitsuke ndi madzi a sopo, iumire padzuwa. A Douwe anandithandiza kutulutsa m'mawa. Amayi ako kunalibe, anali ku Zwolle kwa amayi ako aang'ono a Hiske, amene anali atangowachita opaleshoni ya diso.

Masana wailesi inalengeza kuti mphepo itembenukira kum'mawa, ndipo pofika mbandakucha kudzazizira madigiri khumi ndi awiri pansi pa ziro. Ndinamva bwinobwino. Ndinakuwira a Douwe pa mpanda kuti abwere folo koloko tidzalowetse, iwo anavomera.

Zomwe ndikukumbukira za tsikulo ndi izi. Ndinatsuka masamba, ndinatenthetsa supu wa nsawawa amene amayi ako anandisiyira, ndinaonera nkhani, ndinakagona mtima uli m'malo.

M'mawa mwake nditatsegula katani ya kukhitchini ndinaona migolo itatu ili pabwalo pomwe tinaisiya. Masamba anali mbuu. Madzi a m'ngalande ya kuseri anali ataundana gwa. Ndinatuluka ndi zogonera zomwe, n'kugogoda dothi la mu mgolo ndi chala, linali ngati simenti. Kachipangizo koyezera kuzizira kanali pa madigiri khumi ndi atatu pansi pa ziro. Choipa kwambiri n'chakuti mitengoyo ndinali nditaitsuka, madzi anali atatsikira mpaka pakati pa kanjedza pomwe pamatulukira masamba atsopano, ndipo anaundana momwemo.

Ndinathamangira kwa a Douwe n'kukamenya chitseko. Ndinawalalatira pamaso pa akazi awo, munthu amene ndakhala naye bwino kuyambira iwe usanabadwe. Ndinawauza kuti ndi munthu wosadalirika, wolonjeza pakamwa pokha, kuti ndinawadikirira mpaka mdima osabwera. Anandisiya ndimalize, kenako anayankha motsitsa mawu.

"Rinse, ndinabweratu ine. Folo koloko ndinali pakhomo pako. Unandiuza kuti walowetsa kale wekha, ine ndinakuseka kuti nkhalamba iwe msana woterowo waubwereka kuti. Unandiphikiranso khofi."

Ndinawatchula kuti wabodza, Marrit. Ndinatero ndithu, n'kutembenuka.

Nditalowa m'khitchini ndinapeza makapu awiri mu sinki. Imodzi inali ndi shuga wokhazikika pansi, ndipo ukudziwa kuti ine shuga sindithira. Pa mpando panali magolovesi a a Douwe. Iwo analowera khomo lakumaso, n'chifukwa chake migolo sanaione.

Ndinakhala pansi. Ndinafunafuna ola limenelo m'mutu mwanga, osalipeza. Si kuiwala kuja koiwala pomwe waika magalasi, koti wina akakukumbutsa umati eya, zoonadi. Ayi. Anandiuza zomwe ndinanena, ndinaona makapu ndi maso angawa, koma mpaka lero m'mutu mulibe kanthu. Munthu wina anaima pakhomo panga, anavala nkhope yanga, anayankhula ndi mnzanga, anaphika khofi, ndipo ine sindikumudziwa.

Patapita kanthawi a Douwe anabwera, ati adzatenge magolovesi. Za kulalata kuja sanatchule. Anangotenga ngolo n'kunena kuti tiyeni, dzuwa lisanafike pa masambawo.

Chodabwitsa n'chakuti manja anga ankadziwa chochita chilichonse. Hita sindinaikweze, chifukwa mtengo wouma ndi chisanu ukauthamangitsira ku moto umaumaliza. Ndinakuta magalasi a mbali ya dzuwa ndi ziguduli kuti usungunuke pang'onopang'ono. Madzi sindinathire. A Douwe anafuna kudula masamba ooneka opsa, ndinawaletsa, ndinati tsamba likadali ndi kobiriwira pang'ono limadyetsabe mtengo, tidikire. Zonsezo zili m'mutu mwanga ngati dzina langa. Koma za dzulo lake masana, mbee.

Amayi ako atabwera Lachisanu anaima pakhomo la nyumba yagalasi atagwira pakamwa. Anandifunsa chomwe chachitika, ndipo bodza linatuluka lokha ndisanaganize n'komwe. Ndinati hita inazima mbandakucha. Anati aimbire munthu wa zamagetsi, ine ndinati musavutike, kanali kawaya kakang'ono, ndakonza kale. A Douwe anali pomwepo. Anangoyang'ana nsapato zawo.

Kenako kunali kudikira. Chisanu sichionetsa zonse tsiku limodzi, chimaulula pang'onopang'ono. Migwalangwa iwiri ija inangochita mawanga akuda m'masamba, koma ndi mitundu yopirira, ipulumuka. Kanjedza masamba ake anayamba kuda ngati ndiwo zofutsa, kenako anauma kuyambira kunsonga, limodzi limodzi. M'mawa uliwonse ndinkagwira tsamba lapakati lija losatambasuka, lomwe limaima ngati mkondo, n'kulikoka pang'ono kuti ndimve ngati lagwira.

Mlungu wachitatu linandibwerera m'manja. Silinakane n'komwe, linangosololoka. Kunsi kwake kunali kwa bulauni, koterera, ndipo fungo lake linali la kabichi wowola. Pamwamba pa thunthu panatsala dzenje lolowa dzanja langa mpaka pa wotchi.

Ndinapukuta dzenjelo ndi kansalu, n'kuthiramo mankhwala aja otsukira mabala, ochita thovu. Thovu linakwera mpaka kusefukira. Ndinati mpofunikanso mankhwala a kopa oti aphe chuku, ndiye ndinatenga galimoto kupita ku Dokkum.

M'sitolo ya zaulimi mayi wogulitsa atandiona anamwetulira. "Agogo, mwabweranso? Kopa uja watha kale? Kodi mukumathira m'phala?"

Ndinafunsa kuti kopa wake uti. Anati ndinagula Lachiwiri, ndiponso Lachisanu la mlungu watha, ndipo maulendo onse awiri ndinamufotokozera za kanjedza wanga. Ndinaseka nawo, ndinati uyu ndi wa mnzanga. Ndinalipira n'kutuluka.

Pobwerera ndi pomwe zinandichitikira zomwe sindinauzepo munthu, ngakhale a Douwe. Ndinafika pa mphambano ija ili patsogolo pa mlatho, msewu womwe ndadutsa zaka makumi asanu, pa njinga, pa thirakitala, pa galimoto, ndi iwe uli kumbuyo popita kusukulu. Ndinaima kuti ndikhote, ndipo sindinadziwe kolowera. Minda inali yachilendo. Zikwangwani ndinkaziwerenga bwinobwino, koma mayina ake sankandiuza kanthu, ngati mayina a m'dziko la eni.

Wina kumbuyo analiza hutala. Ndinapatukira m'mbali mwa ngalande n'kuzimitsa injini. Dzina langa ndinkalidziwa, la amayi ako ndinkalidziwa, lako ndinalitchula mokweza kangapo kuti ndione ngati lilipo. Koma kwathu ndiye kuti, sindinkadziwa. Foni inali m'thumba, koma ndikanaimbira amayi ako n'kunena chiyani?

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Kenako inadutsa galimoto ya mkaka ija imapita ku mafamu a kwathu kuno, ndipo ndinaitsatira ngati mwana wa ng'ombe. Nditaona nsanja ya tchalitchi chathu, zonse zinabwerera nthawi imodzi, ngati wina wayatsa nyale.

Kunyumba ndinatsegula kabati ya mankhwala. Munali mapaketi awiri a kopa, osatsegula. Ndinaika lachitatu pambali pake n'kutseka.

Marrit, iwe unali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene agogo ako aamuna, bambo anga, anamwalira, ndipo zambiri tinkakubisira. Unkangodziwa kuti amanditchula dzina la mng'ono wawo. Zinayamba ndi chipata. Tsiku lina anasiya chipata cha msipu chosatseka, ng'ombe zinalowa mu msewu waukulu, ndipo iwo anakalipira mayi anga kuti ndi amene anatsegula. Tonse tinati ndi kutopa. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi. Ine mwezi wa Meyi ndikwanitsa makumi asanu ndi awiri.

Patapita zaka zinayi anali ku nyumba yosamalira okalamba, akupempha anamwino kuti achotse mayi wachilendo amene amangobwerabwera m'chipinda mwawo. Mayi wachilendoyo anali agogo ako aakazi. Ndipo asanapite kumeneko, tsiku lina anawamenya mbama kukhitchini, munthu amene moyo wake wonse ngakhale galu sanamenyepo. Ine ndi amene ndinawagwira manja. Ankandiyang'ana ngati ndine wakuba.

Imfa sindikuiopa kwenikweni. Ndikuopa tsiku limenelo. Ndikamawaona amayi ako akusenda mbatata atandifulatira, akung'ung'uza nyimbo za ku kwaya, ndimakumbukira mbama ija. Ndinayamba kale ndi a Douwe, ndinawatukwana pakhomo pawo ndili wotsimikiza ndi mtima wonse kuti olakwa ndi iwo. Ndiye tsiku lomwe ndidzakhale wotsimikiza choncho za amayi ako, adzandigwira manja ndani?

Galimoto ndasiya kuyendetsa. Ndinawauza amayi ako kuti dzuwa lotsika la nyengo ino likundithobwa m'maso, ndiye akuyendetsa ndi iwo. Limenelo ndi bodza lachiwiri. Mabodza akuchuluka, ndipo munthu woiwala bodza silimukhalira, tsiku lina ndidzaiwala lomwe ndinanena.

Kanjedza uja fungo silinathe ngakhale ndinathira mankhwala mlungu wathunthu. Kuwola kunkatsikirabe. Loweruka lapitali ndinaitana a Douwe kuti tichite chomaliza chomwe chimachitika zikatero, kudula mutu wa thunthu mpaka kupeza pamoyo. Iwo anakumbatira thunthu, ine ndinagwira sowo, n'kumadula zidutswa zopyapyala ngati buledi.

Choyamba chinali chowola. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chinatuluka madzi akuda, ndipo a Douwe anatembenuza nkhope, ati ngakhale khola la nkhumba la malume awo silinkanunkha choncho. Pa chachinayi sowo inayamba kulimba m'manja. Titachotsa chidutswacho tinapeza poyera, polimba ngati mbatata yaiwisi, pakati pake pali kadontho kachikasu kosaposa ndalama yachitsulo. Ndinawaza kopa, n'kumangira kadenga ka pulasitiki pamwamba kuti madontho a m'magalasi asagwerepo koma mpweya uzidutsa.

A Douwe anabwerera m'mbuyo n'kuuyang'ana, ati tsopano mtengo ndi mwini wake afanana, onse ndi a mpala. Tinaseka. Kenako anakhala pa ndowa, anavula chipewa, n'kundiuza kuti iwo bodza la hita alisenza mokwanira.

"Mkazi wako Aukje ndimakumana naye pa mpanda tsiku ndi tsiku, Rinse, ndipo ndikulephera kumuyang'ana kumaso. Umuuze Pasaka isanafike. Ukapanda kutero ndimuuza ndine, udane nane ngati ukufuna."

Ndinangowalola kuti andiimbire foni kwa dokotala, ndipo andipatsa tsiku la 8 Epulo, teni koloko m'mawa. Ndalemba pa khoma muno, m'chipewa, ndiponso pano kuti nawe ulidziwe.

Dzulo kadontho kachikasu kaja kanali katatukuka pang'ono, mwina ngati kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Amayeza ndi a Douwe n'kulemba ndi choko pa chitseko, chifukwa muyeso wanga sindikuukhulupirira. Mwina aphuka, mwina ndi mphamvu zotsalira chabe, tidzadziwa mu Juni. Ngakhale aphuke, padzapita zaka zisanu kuti aonekenso ngati mtengo.

Tsopano ndifike pa chomwe ndakulemberadi. Munakonza zoti mu Julayi mudzamusiye Isla kwa ife milungu iwiri, inu awiri mupite ku Norway. Ndinamulonjeza kuti ndidzamuphunzitsa kupalasa bwato m'ngalande, ndipo bwatolo ndinalipaka kale utoto. Mwana wanga, usadzandisiyire mwanayo ndekha. Pamadzi ayi, m'galimoto ayi, ngakhale kupita naye kogula ayisikilimu ayi. Ndidzakuuza kuti ndili bwino, ndidzakwiya, mwina ndidzati ukundinyoza, ndipo ndidzakhala ndikukhulupirira zomwe ndikunenazo. Usadzandimvere. Umvere kalata iyi, yalembedwa mutu uli bwino. Migolo ija ndinakagona nditatsimikiza kuti ili m'kati. Ndikaganiza kuti akanakhala mwana, cholembera chimandigwa.

Bwerani ndithu, ndikufuna kumuona, ndimuyang'ane ndikumudziwa. Koma iwe ukhale pomwepo.

China ndi ichi. Ndayesa katatu kuwauza amayi ako. Ndimakhala pa tebulo, ndimayamba kuti Aukje, iwo n'kudzutsa maso, ine n'kufunsa ngati mkaka ulipo. Zaka makumi anayi ndi zitatu akhala akudalira kuti chomwe ndanena ine chimakhala chomwecho. Iwo anawaona bambo anga, anawasambitsapo ndi manja awo. Akudziwa njira yonseyi mpaka kumapeto kwake, ndipo ine ndikulephera kuwaika pa chiyambi chake.

Ndiye undithandize. Kalatayi ikakupeza, Lamlungu lotsatira ukadzaimba foni ya vidiyo monga umachitira, tonse awiri titakhala pa mpando umodzi, udzandifunse mosapita m'mbali kuti, Ababa, hita ija inazimadi? Udzangofunsa zokhazo n'kukhala chete. Ndikadzayamba za nyengo kapena za mpira, udzafunsenso. Iweyo sindinathepo kukunamiza ukundiyang'ana, ngakhale uli wamng'ono. Ndipo ndikadzanena, usadzadule foni msanga, amayi ako adzafuna munthu woyankhula naye amene si ine.

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsa katundu wolemera uli kutali, ndipo si ntchito ya mwana. Undikhululukire. Ndilibe wina.

M'mawa uno pofuna envulopu m'dirowa ya mbewu ndapeza mapepala awiri opinda. Ndi kalata yopita kwa iwe, dzanja ndi langa, tsiku lake 9 Malichi. Nkhani yake ndi yomweyi, makapu awiri, magolovesi, zonse, ndipo yathera pakati pa chiganizo. Sindikukumbukira ndikuilemba. Ndaiwerenga kawiri nditatsamira tebulo. Ngati ilipo ina yomwe inakufika kale, usadabwe, ndipo usandiuze.

Iyi sindiika m'thumba la jekete. A Douwe aima pakhomo, akudikira kuti ndimate akaponye okha.

Undiperekere moni kwa akamwini anga a Callum, iwo ukhoza kuwawerengera. Upereke moni kwa makolo awo, uwathokoze chifukwa cha uchi uja. Isla usamuuze kanthu, ungomupsompsona pamphumi, umuuze kuti agogo akuti asamasewere ndi lilime pomwe paguluka manowo. Mulungu akusungeni nonse, akupatse mphamvu iwe mwana wanga, ndipo ukamapemphera uyambe ndi amayi ako.

Ndine bambo ako amene amakukonda,
Rinse Wijbenga